Maso a Dalitso

Dalitso ali ndi zaka 9. Akhala ku Kanyama ndi amai ake ndi ambuya ake. Aphunzira Giredi 3.

Mwezi wa Ogasiti ukafika, mphepo imaomba kwambiri mu Lusaka. Fumbi limauluka m'miseu ndi kulowa m'nyumba. Apa ndi pamene maso a Dalitso amayamba kuyabwa. Amafiira ndi kutulutsa misozi. Utsi wa pa mbaula nawo umakulitsa bvutoli.

Ku sukulu, Dalitso anali kutikita maso nthawi zonse. Sanali kuona bwino pa bolodi. Anzake anayamba kumuthawa.

"Coka apa, uzatipatsa matenda!" anatero.

Dalitso anakhala yekha pa desiki. Tsiku lotsatira anakana kupita ku sukulu.

Mai wina wa pafupi anati, "Amake Dalitso, muikeni madzi a shuga m'maso. Azapola manje manje."

"Iai," anatero ambuya. "Diso si losewera nalo. Mupelekeni ku cipatala."

Amai anapita naye ku cipatala ca Kanyama. Anamwino anamuona m'maso ndi toci.

"Amai, maso a mwanayu sagwirizana ndi fumbi, utsi ndi mungu wa maluwa," anatero anamwino. "Zinthuzi zikalowa, thupi lake limalimbana nazo ngati adani. Ndiye cifukwa cake maso amayabwa. Koma matenda aya sapatsirana."

Anamwino anapatsa amai mankhwala odontheza m'maso. Kenaka anauza Dalitso kuti:

"Usatikite maso. Ukatikita, amayabwa kwambiri ndipo ungadzipweteke. Samba kumaso ndi madzi oyera. Viika kansalu koyera m'madzi ozizira, tseka maso, ukaike pamwamba pake. Samba m'manja ndi sopo. Khala patali ndi utsi."

Anauzanso amai kuti asaike shuga, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala a zitsamba m'maso. Zinthuzi zingaononge diso mpaka mwana kuleka kuona.

"Maso akayamba kuwawa, kutulutsa mafinya kapena kuona mwacimbuuzi, mubwerenso msanga," anatero. "Pakafunika, tidzakutumizani ku cipatala ca maso ku UTH."

Kunyumba, amai anayamba kuwaza madzi pansi asanasese. Ambuya amayatsira mbaula panja, patali ndi khomo.

Aphunzitsi anauza ana onse kuti matenda a Dalitso sapatsirana. Mabvuto, mnzake wakale, anabwerera pa desiki pao.

Masiku ena maso a Dalitso amayabwabe. Zikatero, amaimika dzanja ndi kupempha kuti, "Aphunzitsi, ndipempha kukasamba kumaso."

Mafunso

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene zimayabwitsa maso a Dalitso?
2. N'cifukwa ciani ambuya anakana madzi a shuga?
3. Kodi mungacite ciani maso anu akayamba kuyabwa?