Chingwe cha pakati pa Chizumulu ndi Likoma

Kuno ku Tsangano, m'mapiri a m'boma la Ntcheu, miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti imadza ndi chifunga ndi chisanu cholowa m'mafupa. Alimi a mbatata ya kachewere amangoti kwazizira. Koma ife, ana awiri a mimba imodzi amene tinabadwira ku Nkhotakota n'kukwera kuno kudzachita malonda a mbatata, mphepo imeneyi timaitchula ndi dzina lake la kunyanja: Mwera. Ikayamba kugwedeza malata usiku, tulo timatichedwera, pakuti imatikumbutsa thanga long'ambika ndi munthu amene anatiponyera chingwe.

Chinali chaka cha 1998, pa tchuthi cha sukulu cha pakati pa chaka, pamene mayi anatikweza Ilala kuti tikacheze kwa amalume ku Likoma. Amalume anali ndi ngalawa ya matabwa ya mlongoti umodzi. Thanga lake linali la ngodya zitatu, losokedwa ndi matumba a ufa ndi kumangidwa pa nsungwi yaitali. Injini analibe. Ankanyamula nkhuni kuchokera kugombe la Mozambique, ufa wa chinangwa ndi usipa wouma, n'kumazungulira pakati pa Likoma, Chizumulu ndi Cobue. Kwathu ku Nkhotakota akuluakulu amasimba kuti ngalawa za mtundu umenewu zinachuluka m'masiku a Jumbe Salim bin Abdallah, m'zaka za m'ma 1840, ndipo zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa. Mbiri imeneyo ndi yowawa, ndipo sitiibisa. Ngalawa ya amalume inatengera luso lomwelo la kupala matabwa ndi kuwerenga mphepo, koma katundu wake anali wodyetsa mabanja.

Zilumba ziwirizi ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Zili ndi milambe yambiri, miyala ikuluikulu ndi timagombe ta mchenga woyera, ndipo pa Likoma pali tchalitchi chachikulu cha St Peter chimene anayamba kumanga mu 1903. Tinkanyamuka kusanache. Amalume ankatiphunzitsa mphepo monga mphunzitsi amaphunzitsira alifabeti: Mwera wochokera kummwera m'nyengo yozizira, Mpoto wochokera kumpoto m'nyengo ya mvula, Vuma wochokera kum'mawa. Madzulo ngalawa zinkagona moyandikana pagombe, ndipo eni ake ankasonkha moto umodzi. Kondowole ndi usipa wowotcha zinkayenda m'manja mwa aliyense amene wafika, wodziwika ndi wosadziwika yemwe. Pamoto pomwepo ndi pamene ankauzana mtengo wa nsomba, malo amene pali miyala yobisika, ndiponso ngalawa imene sinabwerere.

Pakati pa anthu amenewa panali bambo wina wa ku Cobue amene amalume ankamutcha achimwene, ife n'kumawatcha amalume a kutsidya. Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, bamboyo anathawira ku Likoma monga anachitira anthu ambiri a kugombe limenelo. Amalume anam'patsa pogona ndi ntchito m'ngalawa. Iye anali wa mpingo wa Anglican, koma nthawi ya swala ikakwana ali pakati pa nyanja ankatenga chiwongolero osauzidwa. Mtendere utabwera anabwerera kwawo n'kukhoma ngalawa yakeyake.

Tsiku lina tinachoka ku Chizumulu masana, ngalawa itadzaza matumba. Tisanafike pakati pa njira, Mwera anakula mwadzidzidzi. Nsungwi ya thanga inathyoka ndi phokoso lalikulu, thanga linang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo ngalawa inatembenukira m'mbali mwa mafunde. Ife awiri tinapatsidwa zitini kuti tizikapa madzi. Mphepo inkatikankhira kumpoto, kumene kulibe chilumba china chotiimitsa. Amalume sanalankhule zambiri, koma tinawaona akuyang'ana matumba, ndipo tinadziwa kuti akuwerengera oyamba kutayidwa.

Dzuwa litapendeka tinaona thanga kutali. Anali amalume a kutsidya, atanyamula nsomba zaziwisi zimene zinayenera kufika ku Likoma kusanade. Anapatuka panjira yawo. Kuyandikitsa ngalawa ya thanga kwa inzake pa mafunde otero ndi ntchito yoopsa, chifukwa zikagundana zonse ziwiri zimasweka. Anatizungulira kawiri, chingwe chikugwera m'madzi. Kachitatu amalume anachigwira. Sakanatha kutikokera ku Likoma molimbana ndi mphepo, choncho anatibwezera kuseri kwa Chizumulu, kumene tinafika usiku. Pofika m'mawa nsomba zawo zinali zitawonongeka.

Amalume anamasula mfundo ya nsalu imene ankasungamo ndalama. Bamboyo anabweza dzanja lawo nati, "Achimwene, bwezani m'thumba. Mukandilipira lero, mawa ndikadzasweka ine mudzayamba mwandifunsa ngati ndili ndi ndalama." Kenaka anakhala pamchenga n'kuyamba kusoka thanga lathu.

Inu amene mumadzuka n'kuona nyanja mukudziwa kuti mawu amenewa sanali aulemu chabe. Panyanja anthu amathandizana chifukwa aliyense ali ndi tsiku lake. Amene wadutsa ngalawa yovutika osaima amadziwika pagombe lililonse, ndipo pamoto wamadzulo anthu sam'sunthira malo. Ubwenzi wa amalinyero umasungidwa ndi ngongole imene safuna kuti ithe, pakuti ikangolipidwa, chowamanga pamodzi chatha.

Zaka zapita. Amalume anatisiya, ngalawa yawo inawolera pagombe, ndipo maboti a injini achuluka kumene kunkayenda matanga. Ife tinakhazikika ku Tsangano, kumene malire a Mozambique ali pafupi ndipo anthu a mbali zonse ziwiri amagula pamsika umodzi. Ana athu amadziwa kusankha mbatata yabwino, koma sanaonepo thanga.

Chaka chino foni inalira. Anali mwana wa amalume a kutsidya, amene anapeza nambala yathu kwa abale a ku Likoma. Anati Mwera anaswera ngalawa ya bambo ake pamiyala, ndipo ngalawayo ndiyo inkadyetsa banja lonse. Sanapemphe kanthu. Anangoti bambo anati tiuzidwe.

Tiyenera kuvomereza kuti sitinayankhe msanga. Mtengo wa feteleza unali utakwera, fizi ya ana inali kudikira, ndipo mbatata inali isanagulidwe yonse. Mmodzi wa ife anati ubwenziwo unali wa amalume ndipo unapita nawo kumanda. Winayo anafunsa kuti m'ngalawa muja, tsiku lija, ankakapa madzi ndani. Tinakhala chete nthawi yaitali, malata akugwedezeka pamwamba pathu. Amene anatulutsidwa m'mafunde aja sanali amalume okha. Tinalimo ifenso, ndipo ana amene tinkadandaulira fizi yawo sakanabadwa chingwe chija chikanapanda kuponyedwa kachitatu.

Tinagulitsa gawo la mbatata imene tinasungira mtengo wabwino, n'kutumiza ndalama pa foni kudzera kwa abale a ku Likoma. Sizinali zokwanira injini. Zinakwanira matabwa, misomali ndi nsalu ya thanga. Tinawauza kuti asaitche malipiro, chifukwa tikudziwa kuti akanaibweza.

Mwezi watha dengu la usipa wouma linatsika m'minibasi pamphambano ya Tsangano, lomangidwa ndi chingwe cha ngalawa. Usipawo tinagawana ndi anansi athu, chingwecho tachipachika kuseri kwa chitseko. Ana akatsekera sukulu tidzatsika nawo kunyanja, kuti akaone agogo awo a kutsidya maso adakaona, ndiponso kuti akakwere ngalawa imene mbatata ya ku Tsangano inathandiza kukhoma.