Nthenga za Cinkhwe Cathu

Ine ndimaphunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba kuno ku Domwe. Timakumana masana, anthu akaweruka kumunda. Lero ndifuna kukuuzani za mbalame ya pakhomo pathu, ndi colakwa cimene ndinaicitira cifukwa ca kusadziwa.

M'mwezi wa Julho 2023 amalume anabwera kucokera ku Makanga, kumene anali pa nchito ya fodya. Ananyamula katoni yoboolaboola. M'katonimo munali mwana wa cinkhwe, mbalame imene m'Cipwitikizi amati papagaio. Anagula kwa anyamata m'mbali mwa mseu. Thupi lake linali lobiriwira, mutu wotuwa, mlomo waukulu wopindika ngati mbedza. Pamphumi panali nthenga zofiira ngati khala la moto.

"Ici n'cacikazi," anatero amalume. "Zazikazi ndizo zimafiira pamphumi." Tsono tinacipatsa dzina lakuti Naphiri.

Cinkhweco cinakula bwino. Cinazolowera kutera padzanja langa, ndipo cinkatsanzira likhweru la mng'ono wanga. Koma m'mwezi wa Março 2024 tinayamba kupeza nthenga pansi pa khola lake. Lero ziwiri, mawa zinayi. Mutu wake unaoneka wanyankhalala, ndipo cinkangodzikanda.

"Mwanawe, mbalame yakoyi yagwidwa utitiri," anatero amayi. "Tenga parafini uipake, monga ticitira ndi nkhuku."

Ndisanatero ndinacigwira kuti ndione utitiriwo. Sindinaupeze. Ndinapeza tinthu totuwa tonga minga, totuluka pakhungu la m'khosi ndi paphiko. Ndinaganiza kuti timeneti ndito matendawo. Ndinagwira kamodzi ka paphiko n'kukoka. Kanathyoka, ndipo magazi anayamba kudontha. Naphiri analira kwambiri, nandiluma cala. Ndinathira ufa woyera pabalapo n'kupanikiza mpaka magazi analeka. Sabata yonse mbalameyo inakana kubwera padzanja langa.

Mwamwayi, masiku omwewo mlangizi wa ziweto anafika kucokera ku Ulongwe kudzatemera nkhuku za citopa. Ndinamuonetsa cinkhwe cija. Anaciyang'ana bwinobwino, nati, "Aphunzitsi, mbalame yanu siikudwala. Ikusintha nthenga. Mukanaipaka parafini mukanaiocha khungu, mwinanso kuipha."

Nazi zimene ndinaphunzira tsiku limenelo.

Nthenga imapangidwa ndi cinthu comweco cimene cimapanga zikhadabo ndi tsitsi lathu. Ikakula n'kukhwima, mulibenso magazi. Ikang'ambika siingapole ngati khungu. Motero mbalame imataya nthenga zakale n'kumera zatsopano. Nthenga yatsopano imatuluka yokutidwa m'kacikopa kotuwa, ndiye minga ija ndinaona. Pamene ikukula, m'kati mwake mumayenda magazi. N'cifukwa cake yothyoka ija inakha magazi. Ikatha kukula, magazi amaleka kufikamo, kacikopa kamafumbutuka ngati gaga, nthenga n'kutambasuka.

Cinkhwe sicitaya nthenga zonse nthawi imodzi. Zimathothoka pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, kuti mbalame isalephere kuuluka ndiponso isafe ndi mphepo. Ngati muona khungu lambulanda, kapena nthenga zatsopano zikumera zopindika n'kumathyoka zokha, kapena mlomo ukusweka, pamenepo pali matenda. Ipatuleni mbalameyo, muitane mlangizi. Cinkhwe cosungulumwa naco cimadzizula cokha nthenga za pacifuwa.

Pa nthawi yosintha nthenga mbalame imafuna cakudya cabwino. Ife tinkaipatsa nsima yotsala basi. Tinayamba kuipatsa nyemba zophika zopanda mcere, cimanga caciwisi, magwafa, masamba ndi mtedza pang'ono. Mapeyala sitiipatsa, pakuti kwa zinkhwe ndi poizoni. Masana timaiikira madzi m'mbale kuti isambe. Usiku timafunditsa khola ndi thumba, popeza nonse mudziwa mphepo imene imatsika m'phiri la Domwe m'miyezi ya Junho ndi Julho.

Mlangizi anandiuzanso kuti ndizilemba zimene ndiona. Ndinatenga kope. Tsiku lililonse ndinkalemba tsiku la mwezi, nthenga zimene zagwa, ndi mbali ya thupi imene zacokera. Patapita masabata ndinaona cinthu cimene maso okha sakanandiuza: ikagwa nthenga yaitali ya phiko lamanja, posacedwa inzake ya phiko lamanzere imagwanso.

Kope lija ndinapita nalo m'kalasi. Pabolodi ndinalemba liwu lakuti NTHENGA, ndipo tinaligawa: nthe-nga. Tinapeza mawu ena oyamba cimodzimodzi: nthaka, nthoci, nthawi. Kenaka mayi wina wacikulire anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, kodi nkhuku nazo zimatero? Caka catha thadzi langa linathothoka nthenga, linaleka kuikira. Ndinati ladwala, ndinalipha."

Ndinawayankha kuti inde, nkhuku nazo zimatero. Thadzi likamamera nthenga zatsopano limaleka kuikira, pakuti cakudya cikupita ku nthenga. Likatha limayambanso. Mayiwo anagwira pakamwa. Tsiku limenelo anthu asanu anapempha kuti ndiwathandize kulemba mizere m'makope mwawo, kuti azilembamo za nkhuku zawo.

Pofika Junho 2024, mutu wa cinkhwe cathu unasalala. Koma kufiira kwa pamphumi kunatheratu. Apa m'pamene tinadziwa kuti amalume ananena zoona mbali imodzi yokha. Mu mtundu uwu wa zinkhwe za mutu wotuwa, ana onse, aamuna ndi aakazi, amafiira pamphumi. Akasintha nthenga koyamba, caka cisanathe, camphongo cimataya kufiirako, cacikazi cimakhala nako. Naphiri wathu anali mwamuna. Tinaseka tonse, ndipo lero timangoti a Phiri. Pambuyo pake nthenga zofiira zinayamba kuoneka m'mphepete mwa mapiko ndi m'miyendo, kusonyeza kuti mbalame yakula.

Si zinkhwe za kuno zokha zimene zimasintha cotere. Ku Brasil kuli zinkhwe zobiriwira za mtundu wa Amazona, zimene zimadziwa kutsanzira mawu a anthu. Nazonso zikakhala zazing'ono mitundu ya kumaso imakhala yocepa ndi yozimiririka, maso ndi akuda. Zikamakula mitundu imawala, maso n'kusanduka ofiirira.

Koma pali cinthu cimodzi cimene cimandiwawa. Zinkhwe za mtundu uwu zimayenda ndi zinzake m'nkhalango. Zimaswa nthanga za maula ndi mlomo wawo wolimba, ndipo zimaikira mazira ocepa m'mphako za mitengo ikuluikulu monga mlambe. Kuti a Phiri afike m'katoni, wina anapasula cisa. Tsopano avala nthenga zacikulire, koma palibe mnzawo wozionera. Kuwamasula sitingathe, cifukwa sanaphunzire kudzifunira cakudya kuchire. Ndipo cinkhwe cimakhala ndi moyo zaka 20 kapena kuposa.

Dziko lathu la Moçambique lili ndi lamulo la 2014 loteteza zacilengedwe, limene linalimbitsidwa mu 2017. Kugwira ndi kugulitsa nyama ndi mbalame zakuchire popanda cilolezo ndi mlandu. Amalume sankadziwa zimenezi, inenso sindinkadziwa. Tsopano tadziwa. A Phiri tidzawasamala masiku awo onse, koma pakhomo pathu sitidzagulanso cinkhwe.

Mafunso

1. N'cifukwa ciani nthenga yatsopano imakha magazi ikathyoka?
2. Mungasiyanitse bwanji kusintha nthenga ndi matenda?
3. Lembani m'kope mwanu zinthu zitatu zimene mwaona pa nkhuku zanu sabata ino.