Mowa sunauluke wonse

Botololo linafika kwathu ku Kawale m'katoni, pamodzi ndi theka la paketi ya spaghetti, nsapato za mwana zomwe sizinakwane aliyense, ndi tizitini ta zokometsera ndiwo tomwe mpaka lero sitikudziwa ntchito yake. Amayi aang'ono anagwira ntchito ya m'nyumba zaka zinayi ku Area 43, kwa banja lina la ku Italy. Kontirakiti ya abwana itatha, zomwe sizinalowe m'masutikesi anagawira antchito. Amene muli ndi m'bale wogwira ntchito kumayadi mukuidziwa katoni imeneyi. Anthu amaiunjirira mosangalala, koma aliyense akudziwa kuti yafika chifukwa ntchito yatha.

Linali botolo lalitali, lowonda, ndipo m'kati munatsala zinthu zachikasu, mwina kapu imodzi. Amayi aang'ono ankayesa ndi Sobo wa kwawo kwa azunguwo. Amayi atatsegula n'kununkhiza anangoti, "Uwu ndi mowa. Kautaye kuchimbudzi." Amayi anga ndi a Mvano, ndipo m'nyumba mwawo botolo la mowa sililowa ngakhale lopanda kanthu. Ndinalitenga ngati ndikukataya, n'kukalibisa kuseri kwa thumba la makala.

Pachizindikiro panalembedwa kuti limoncello, 30 peresenti. Ndi chakumwa cha kummwera kwa Italy, cha m'madera a Sorrento ndi Amalfi. Amasenda khungu lachikasu la mandimu, osakhudza choyera chowawa cha m'kati chija, amaliviika mu mowa waukali kwa masiku angapo, kenako amasefa n'kusakaniza ndi madzi a shuga. Eni ake amamwa pang'ono chabe, kozizira, akatha kudya. Tikachotsa dzina lokomalo, ndi mowa waukali wothira mandimu ndi shuga basi. Mayi wotcheza kachasu ku Mgona mutamufotokozera kapangidwe kake sangadabwe ndi chilichonse, kupatula mtengo.

Ine ndimaphunzira za zakudya ku Bunda. Nthawi imeneyo ndinali nditangomaliza chaka chachiwiri, msinkhu woopsa kwambiri pa moyo wa mwana wa sukulu, chifukwa umadziwa zinthu zokwanira kutsutsa makolo koma zosakwanira kudziwa pomwe ukulakwa. Ndinkadziwa kuti mowa umawira pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100. M'mutu mwanga nkhani inathera pomwepo: ukauika pamoto umauluka, kumatsala fungo la mandimu ndi kutsekemera. Ndiye n'kutayiranji chinthu chomwe chaoloka nyanja?

Loweruka lotsatira amayi anagula nkhuku ya chikuda pamsika wa Kawale chifukwa malume amabwera kuchokera ku Chinsapo, ndipo ndinadzipereka kuphika. Anandiyang'ana mokayika, koma anali ndi zochapa zambiri.

Kunena zoona, nkhuku ija inakoma, ndipo sindibisa mmene ndinaiphikira. Nditaiduladula ndinaipaka mchere, adyo wosinja ndi madzi a ndimu imodzi, n'kuisiya kwa kanthawi. Ya chikuda si buloyila yoti mphindi 20 yapsa; ndinaiwiritsa kaye pambaula mpaka foloko itayamba kulowa, msuzi wake ndinausunga pambali. Kenako ndinaikazinga m'mafuta pang'ono mpaka itafiira, ndinathira anyezi awiri ndi kambuzi mmodzi. Apo ndi pomwe ndinakatenga botolo lija. Ndinathira theka la kapu mpoto uli pamoto, ndipo lawi la buluu linatuluka mpaka kundiwaula tsitsi la pamkono. Mukafuna kuyesa, phulani kaye mpoto musanathire. Shuga wa mu mowawo anayamba kumata pa nyama n'kuda, moti ukangocheuka pang'ono wapserera, ndiye ndinafulumira kuthiramo msuzi uja, ndinafinyiramo ndimu ina kuti ichepetse kutsekemera, n'kuvundikira kwa mphindi pafupifupi 15. Tomato sindinaike. Mlongo wanga ataona mtundu wa msuzi anafunsa ngati tomato wakwera mtengo mpaka kufika pamenepo.

Tsopano za malume. Ndi mlongo wawo wa amayi, kalipentala waluso amene mipando yake ili m'nyumba zambiri za ku Chinsapo. Anamwa mowa zaka zochuluka, kachasu ndi timasacheti tija boma lisanatiletse, mpaka anagonekedwa m'chipatala mimba itatupa, adokotala n'kuwauza kuti chiwindi chatopa. Anasiya. Tsiku la nkhukulo anali atatha zaka zitatu osalawa. Zonsezi ndinkazidziwa, pakuti ndinali m'gulu lowapititsira phala kuchipatala. Koma pothira mowa mumpoto uja sanandibwerere n'komwe m'maganizo. Ndinkaganiza za madigiri 78.

Tinakhala pamkeka anthu 7. Malume anatema nsima, anasunsa mu msuzi, anatafuna pang'onopang'ono. Mbamu yachiwiri anaigwira m'manja osaiika pakamwa.

"Mphwanga, wathiramo chiyani umu?"

"Mandimu basi, malume."

Anagwedeza mutu. Anamaliza nsima yawo ndi mpiru wotendera womwe unali pambali, nthuli yawo n'kumupatsa mwana wa mlongo wanga. Amayi anaganiza kuti mano awavutanso. Ena onse ananyambita zala, ndipo amayi amene, a Mvano aja, anati ulendo wina ndidzaphikenso choncho. Ndinanyada.

Nditabwerera kusukulu ndinafuna kuwauza anzanga za luso langali, ndiye ndinayamba ndafufuza kuti ndikalankhule ndi manambala m'manja. Manambalawo anandiyalutsa. Mu 1992 akatswiri a ku America, mothandizidwa ndi unduna wawo wa zaulimi, anayeza mowa wotsala m'zakudya zophikidwa, ndipo tebulo lomwe linatuluka pa ntchitoyo likugwiritsidwabe ntchito. Mowa ukasakanizidwa m'chakudya n'kuwira mphindi 15, pafupifupi 40 peresenti imatsala. Pakatha ola, 25 peresenti. Kuti utsike kufika pa 5 peresenti pamafunika maola awiri ndi theka. Ngakhale lawi lija ndinkaliona ngati umboni woti wapsa wonse limasiya mowa wambiri, cha m'ma 75 peresenti. Chifukwa chake n'chosavuta, ndipo ndinali nditachiphunzira kale m'kalasi: mowa ukasakanikirana ndi madzi suuluka wokha n'kusiya mnzake, amachoka limodzi pang'onopang'ono. Kuvundikira mpoto, monga ndinachitira ine, kumabweza nthunzi ija mu msuzi momwemo.

Ndinawerengera. Theka la kapu ndi mamililita pafupifupi 120, ndipo 30 peresenti yake ndi mamililita 36 a mowa weniweni. Kutsala 40 peresenti ndiye kuti 14 kapena kuposera pang'ono, zosasiyana kwenikweni ndi zomwe zili m'botolo limodzi laling'ono la mowa wa 5 peresenti. Botolo limodzi kugawana anthu 7. Palibe akanaledzera, ngakhale mwana uja. Kwa masiku awiri nambala imeneyi inanditonthoza, ndipo mnzanga wina wa m'chipinda anati ndikungodzivutitsa, nthochi yakupsa kwambiri nayonso imakhala ndi kamowa.

Akunena zoona za nthochi. Koma nthochi siinama ikafunsidwa. Munthu amene wasiya mowa salimbana ndi mamililita, amalimbana ndi fungo, ndi kakomedwe kena kumbuyo kwa lilime komwe thupi lake silinaiwale. Ine sindikanamva kanthu mu msuzi uja chifukwa sindinakhalepo kapolo wake. Iwo anamva pa mbamu yoyamba. Anandifunsa kuti asankhe okha chochita, ndipo ine ndinawalanda mwayi wosankhawo chifukwa choopa kuti amayi amva za botolo lobisidwa kumakala.

Ichi ndi chomwe chimandinyansa ndi ife ana a kukoleji tikapita kwathu pa holide. Timatenga theka la phunziro n'kuligwiritsa ntchito ngati chibonga. Agogo akati izi sizidyedwa, timaseka. Mnzathu wachisilamu wa ku Biwi akafunsa zomwe zili mumpoto, timati osadandaula, zinapsa. M'bale wa Seventh Day akakayikira, timayamba kumuphunzitsa chemistry. Nthawi zina sayansi yathuyo imakhala yolondola, nthawi zina ngati yangayi imakhala yoperewera, koma ngakhale ikanakhala yolondola mpaka dontho lomaliza, funso lawo silikhala la mu labu. Akufunsa chomwe chalowa mumpoto, ndipo yankho lake ndi dzina la chinthucho.

Pa holide yotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Chinsapo. Ndinawapeza akupala thabwa la chitseko pansi pa mtengo wa mango. Ndinazungulirazungulira ndi nkhani za sukulu ndi za mvula, kenako ndinanena.

Sanasiye kupala. "Ndinadziwa ndisanakhale pansi," anatero. "Fungo lake ndinalimva ndili pakhomo. Ndinakufunsa kuti ndione ngati unena."

Ndinayamba kufotokoza za maperesenti aja, kuti unali wochepa kwambiri, kuti sukanawapweteka chiwindi. Anaimika ntchito n'kundiyang'ana mpaka ndinasiya ndekha.

"Usiku umene uja sindinagone. Ndinadzuka kawiri kukaima pachitseko. Pa shabini paja ndi apa, ukupaona." Analoza ndi mutu. "Sindinapite. Koma ukanandiuza ndikanangodya mpiru wanga mwamtendere, osayamba ndalawa."

Ndinapepesa. Anati zatha, n'kundipatsa sandipepa kuti ndisalaze miyendo ya tebulo, ndipo ndinasalaza mpaka dzuwa kupendeka. Amayi sanawauze, ndipo ine ndinawauza ndekha patapita sabata. Zomwe anayankha amayi sizolemba pano.

Nkhuku ija ndaiphikanso kawiri chichokereni pamenepo. Ndimapala khungu la mandimu awiri, ndimaliwiritsa m'madzi pang'ono ndi masipuni awiri a shuga, n'kuthira pamalo pomwe ndinathira mowa paja. Kusiyana kulipo, koma n'kochepa moti mlongo wanga sanakuzindikire. Iye akudandaulabe za tomato. Malume anadya nthuli ziwiri pa Khirisimasi, atayamba afunsa, ndipo ndinawatchulira chilichonse mpaka mchere.

Theka la kapu lomwe linatsala amayi anakalitaya okha kuchimbudzi, ine nditaima pomwepo. Botololo analitsuka katatu ndi sopo n'kuchotsa chizindikiro chake. Pano ndi lomwe timatumira mwana kukagulira mafuta ophikira oyeza pa okala.