Kuthamanga Sikufika

Anzanga acinyamata, tsiku lina mukadzakwera taxi kucokera kuno ku Nabvutika kupita ku Kapata, mudzayang'anitsitse kasikilini kamene kamakhala pafupi ndi dalaivala. M'motoka zambiri zocokera ku Japan kamalemba Cijapani cokha-cokha. Mapu ace ndi a miseu ya kwao komweko, ndipo kamubvi kosonyeza pamene muli kamangoyandama pamalo opanda kanthu. Koloko yace mwina idzakuuzani kuti ndi 15:00 pamene kuno ndi 08:00 m'mawa. Sikuti yafa ai. Dziko la Japan liri patsogolo pathu ndi maola 7, ndipo kamakinako kakali kuganiza kuti kali kwao.

Zimenezi timaseka nazo, koma zibweretsa funso lalikulu. Makina akatiuza kuti mudzafika nthawi yakuti-yakuti, kodi amadziwa bwanji? Nanga tiwakhulupirire mpaka pati? Funsoli ndi lathu, cifukwa ambiri a ife tikuphunzira kuyendetsa, ena ndi madalaivala kale, ndipo otsalafe tiri ndi makina otero m'mafoni mwathu.

Tiyambe ndi cimene makinawa acita bwino. Amamvera masetilaiti a GPS, a dziko la America, amene azungulira dziko lapansi pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Akamva anai kapena oposerapo, amadziwa malo pamene motoka yaima. Kampani ya Mazda inaika makina otere m'motoka yace ya Eunos Cosmo mu 1990. Pa nchito yodziwa malo, sanama kawiri-kawiri.

Koma nthawi yofikira ndi nkhani ina. Imeneyo setilaiti siiona. Makina amangotenga utali wa mseu ndi kuugawa ndi liwiro limene aganiza kuti mudzayenda nalo. Ndi samu imene tonse tinaphunzira ku pulaimale. Ku Japan, kuyambira mu 1996, makina a m'motoka amathandizidwa ndi uthenga wochedwa VICS, umene umawauza kumene motoka zathithikana. Uthenga umenewo sufika kuno. Google Maps ya pafoni iposako, pakuti iri ndi miseu yathu, ndiponso imaphunzira poona mmene mafoni a anthu ena akuyendera pamseu womwewo. Kumene mafoni ndi ambiri, monga mu Cairo Road ku Lusaka, imaphunzira msanga. Kumene ndi ocepa ndipo netiweki imaduka-duka, monga m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa, imadalira zimene inadziwa kale.

Tsopano tengani mseu wathu wa Great East. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Munthu woyenda makilomita 100 pa ola, osaima ngakhale kamodzi, angafike m'maola 5 ndi mphindi 42. Koma ndani anayendapo motero? Pa Katete, pa Sinda ndi pa Nyimba pali mahampu ndi anthu owoloka. Pali matolo geti, pali apolisi. Mukapita pa Kacholola mseu umayamba kukhota-khota m'mapiri, ndipo mukapeza thiraki yolemedwa ikukwera citunda, mudzaitsatira pambuyo monga pamaliro. Pa ulalo wa Luangwa apaulendo afuna kutsika, kudziongola ndi kugulako nsomba. Ndico cifukwa cace basi yonyamuka mbanda kuca imafika ku Lusaka dzuwa litapendeka.

Palinso zina zimene mwana aliyense wa kuno adziwa, koma makina sangaziganizire. Loweruka lomaliza la February, anthu miyanda-miyanda amakhamukira ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala. Kumapeto kwa August ndi Kulamba ku Mkaika. Nthawi yokolola mumseu mumadzaza ngolo za ng'ombe ndi njinga zonyamula matumba a cimanga. Nthawi ya dzinja mseu wa fumbi umene munadutsa bwino dzulo, lero ndi matope okha-okha. Ndipo wopita ku Lilongwe, ngakhale kuti mu December 2022 anatsegula malo amodzi ocitirapo zonse pa malire a Mwami ndi Mchinji, sangadziwiretu utali wa mzere umene adzapeza.

Cimene candicititsa kulemba si kulakwa kwa makina, koma zimene nambala ija imacita mumtima mwa munthu. Ine ndimakonza maulendo a gulu lathu la acinyamata, motero ndimakhala kutsogolo pafupi ndi madalaivala, ndipo ndimamva zokamba zao. Mnyamata wina wa m'komboni muno, amene amayendetsa motoka ya hayala, anandiuza mosabisa kuti foni ikalemba 14:10, mtima wace umafuna 13:50. Akaona nambala ikubwerera pambuyo amamva monga wagoletsa cigoli. Anatinso mwini motoka amamuimbira ndi kumufunsa kuti, "Foni yanga ikuti unayenera kufika kale, nanga uli kuti?" Apaulendo nawonso amayang'ana m'mafoni mwao ndi kuyamba kung'ung'udza. Mnyamatayo ali ndi mkazi ndi mwana wakhanda, ndipo aopa kucotsedwa nchito. Kodi phazi lace lidzapita kuti, ngati si pa mafuta?

Tiyeni ticite samu ina. Kucokera ku Chipata kufika ku Katete ndi makilomita pafupifupi 90. Woyenda 90 pa ola adzatenga ola limodzi. Woyenda 120 adzatenga mphindi 45. Wapindula mphindi 15 cabe, nthawi yosakwanira ngakhale kuphika nsima. Koma mtunda umene motoka imafuna kuti iime, mutaponda mabuleki, umakula pafupifupi kawiri. Ndipo inu mudziwa amene amayenda m'mbali mwa mseu umenewo: ana a sukulu, amai obereka ana kumbuyo, abambo a njinga za makala. Ndi abale athu. Makina sawawerengera, pakuti pa mapu saoneka.

Conco ndikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, nambala ya pasikilini muziitenga monga ganizo la mlendo wanzeru amene sanagonepo m'dera lathu. Mverani, koma funsaninso dalaivala wacikulire amene wayenda mseuwo zaka zambiri. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Caciwiri, pa ulendo wautali onjezani ola limodzi kapena awiri pa zimene makina anena, ndipo nyamukani msanga, kuti mdima usakupezeni m'mapiri. Cacitatu, ngati ndinu wapaulendo, musakhale inu wokankha dalaivala. Akacepetsa liwiro pa sukulu kapena pa msika, muyamikireni, anzanu amve.

Ndipo a kunyumba akakuimbirani ndi kufunsa kuti mufika nthawi yanji, musawapatse ola ndi mphindi monga kuti mwasaina pangano. Auzeni pamene muli. Nenani kuti tapita pa Petauke, kapena kuti tawoloka Luangwa. Amai anu adziwa mseu umenewo kuposa kasikilini ka ku Japan, ndipo adzadziwa okha nthawi yoika madzi pamoto.