Mfuti Si Upolisi

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amaudziwa msika wa Lizulu, pamene kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere zimaunjikidwa m'mphepete mwa msewu, dziko la Mozambique lili patsidya pomwepo. Kuseri kwa milu ya ndiwoyo kuli tinyumba toonetsera kanema, ndipo m'menemo ndi momwe mnyamata wina wa Folomu 4 anatolera zonse zimene ankadziwa za upolisi.

Kwa iye wapolisi weniweni anali munthu wothyola zitseko ndi kuombera mbava khumi asanapume. N'chifukwa chake tsiku lina anauza amalume ake, amene anapuma pa ntchito ya upolisi, kuti akangolemba mayeso a MSCE akalowa ntchito yomweyo. Mkuluyo anangomwetulira.

"Mphwanga, pa zaka zonse zimene ndinavala yunifolomu ndinatha nsapato zambiri kuposa zipolopolo. Ubwere madzulo, ndikuonetse makanema amene anzako amawathawa ati ndi akale."

Woyamba anali Stray Dog, kanema wa ku Japan wa m'chaka cha 1949, wopangidwa ndi Akira Kurosawa. Mnyamatayo anadandaula poona kuti zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera basi. Koma posakhalitsa anakhala chete. M'nkhaniyi wapolisi wachinyamata, Murakami, wam'bera mfuti m'thumba pa chithithi cha anthu apaulendo mu mzinda wa Tokyo. Mfutiyo iyamba kuvulaza ndi kupha anthu osalakwa, ndipo iye ayendayenda m'misika masiku ambiri, thukuta lili kamukamu, kufunafuna wakubayo. Chimene chim'pulumutsa ndi kuleza mtima kwa wapolisi wamkulu, Sato, wodziwa kucheza ndi munthu mpaka atulutse yekha zakukhosi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usiku wotsatira anaonera In the Heat of the Night, wa m'chaka cha 1967, m'mene Sidney Poitier akusewera ngati Virgil Tibbs. Munthu waphedwa m'tauni ya Sparta ku Mississippi, ndipo apolisi agwira Tibbs pa siteshoni ya sitima chifukwa chakuti ndi mlendo wakuda wokhala ndi ndalama m'chikwama. Pambuyo pake azindikira kuti wogwidwayo ndi wapolisi wa ku Philadelphia, katswiri pa milandu ya kupha, ndipo ndi iye amene apeza wolakwa weniweni. Amalume aja anam'kumbutsa kuti pa Lizulu alendo amadutsa tsiku ndi tsiku, ena olankhula Chipwitikizi, ndipo kukatayika kanthu chala chimafulumira kuloza mlendo.

Wachitatu ndiye anam'sowetsa tulo. Serpico, wa m'chaka cha 1973, ndi mbiri yoona ya Frank Serpico, wapolisi wa ku New York amene anakana ziphuphu pamene anzake ambiri ankalandira. Anzakewo anam'da ndi kum'sala. Mu 1971 anaomberedwa kumaso ali pa ntchito yogwira ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, koma anachira, ndipo chaka chomwecho anakapereka umboni pamaso pa Knapp Commission, bungwe limene linkafufuza katangale pakati pa apolisi a mumzindawo. Al Pacino, amene anasewera mbali yake, akuonetsa munthu woopa, wotopa ndi wosungulumwa, koma wosagulika.

Kanemayo atatha, amalume anafunsa modekha. "Tsono mphwanga, tsiku limene malipiro adzachedwa, ana ali ndi njala, wina n'kukupatira ndalama m'dzanja kuti uyang'ane kumbali, udzatani?"

"Amalume, funso limenelo ndi lolemera. Ndiloleni ndigone nalo," anayankha motero atazolika.

Makanema atatuwa sadzaza nyumba ya kanema pa Lizulu, pakuti alibe phokoso limene achinyamata amalipirira pakhomo. Komabe amafunsa mafunso amene makanema a zipolopolo amawazemba: kodi wonyamula mfuti ya boma angathe kudikira, kumvetsera mlendo, ndi kukana chimene si chake? Mnyamata uja sanasiye khumbo lake la upolisi, koma kuyambira tsiku limenelo analeka kufunsa amalume ake za mitundu ya mfuti. Anayamba kuwafunsa momwe munthu amalembera umboni wa mayi woberedwa pamsika popanda kuwonjezera kapena kuchotsapo liwu. Zoonadi, mawu a akuluakulu amakoma akagonera.