"A" kapena "an"? Funsani khutu

Pa Chichewa, "a" ndi ulemu: a Phiri, a Banda, a Nkhoma. Pa Chingerezi kachilembo komweko kalibe ulemu uliwonse, ndipo kali ndi kanzake, "an", kamene kazunguza ana ambiri kwathu ku Chiwamba. Chiyankhulo chathu chilibe timawu totere. Ife tikati nyumba, basi tatha.

Lamulo limene timaloweza kupulayimale limati: mawu akayamba ndi a, e, i, o, u, ika "an". Mwana amagwira zimenezi bwinobwino mpaka tsiku lokumana ndi "a university" ndi "an hour". Apa mutu umaima. Kodi buku lalakwitsa? Ayi ndithu. Lamuloli ndi la khutu, si la maso. Chofunika ndi liwu limene likutuluka m'kamwa, osati chilembo chimene chili papepala.

Tsono khutu limaphunzira pomva, ndipo mwana wa ku Chiwamba amamva kuti Chingerezi? M'kalasi ndi pawailesi basi. Komatu Chingerezi ndicho chiyankhulo cha ntchito za boma. Ukachilephera pa mayeso a Fomu 4, satifiketi ya MSCE suyiona, ngakhale masamu utakhoza chotani. Malamulo a dziko lino amatinso wofuna kukhala phungu azitha kuchiyankhula ndi kuchiwerenga. Timawu tiwiriti si tamasewera.

Ine ndaona kuti mankhwala ake tili nawo kale m'Chichewa momwemu. Ife timalemba mawu monga momwe timawatchulira, ndiye mawu obwereka amaulula chinsinsi. Timati yunivesite, yunifolomu: y uyo poyerayera, choncho "a university", "a uniform". Timati ambulera, choncho "an umbrella". Timati ola, h osamveka, chimodzimodzi "an hour". Nanga MP? Tchulani mumve: "emu pi". Ndiye kuti "an MP".

Nawonso Angerezi khutu linawasocheretsapo. "An" anachokera ku mawu awo akale otanthauza chimodzi, ndipo chovala chakukhitchini chija amati "an apron" kale chinali "a napron". N uja anangosamuka.

Choncho aphunzitsi anga, musamukalipire mwana akayamba kuganiza m'Chichewa pa phunziro la Chingerezi. Muuzeni atchule mawuwo mokweza, amve yekha liwu loyamba, kenaka alembe.