Mvula ikagwa ku Bindura, madzi amapita kuti?

Mvula ikagwa pamunda, madzi ake amatha kuthamanga pamwamba pa nthaka kulunjika kumtsinje, kapena kulowa pansi. Pa zaka zimene ndagwira ntchito yofalitsa nkhani za chitukuko m'dera la Bindura, ndaona kuti njira imene madziwo amatenga imadalira kwambiri zimene khasu, nkhwangwa ndi fosholo zachita pamalopo mvula isanabwere.

Bindura ndi likulu la chigawo cha Mashonaland Central, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 88 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe. Tauniyi inakula ndi migodi, monga wa golide wa Freda Rebecca ndi wa nikelo wa Trojan. Agogo anga, monga anzawo ambiri, anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu akuno, n'chifukwa chake Chichewa chimamvekabe m'makomboni. Dera lino si louma. Pa chaka chabwino limalandira mvula ya mamilimita 750 mpaka 1,000, yambiri pakati pa Novembala ndi Malichi. Komabe pofika Okutobala zitsime zambiri zimakhala zitaphwa, amayi akulawirira m'bandakucha kukandanda pamjigo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa hekitala imodzi, pamatsika malita 200,000, omwe ndi migolo 1,000 ya malita 200. Nthaka ikakhala yosaphimbira, madontho amaswa zibuma, ndipo dothi losalala limatseka timabowo tolowera madzi. Pamwamba pamachita chikhakha, madzi amayamba kuyenderera. Pamalo otsetsereka amathamanga kwambiri, n'kutenga chonde ndi feteleza amene mlimi anagula movutikira. Kangalande ka chaka chino kamasanduka chigwembe chaka chamawa, pakuti madzi saiwala khwawa.

Pamunda wophimbira mapesi zinthu zimayenda mosiyana. Mapesi ndiwo amalandira mphamvu ya madontho, ndipo madzi amatsika pang'onopang'ono kudzera m'njira zimene mizu, chiswe ndi nyongolotsi zinaboola. Ena amakhala chinyontho cha mbewu, otsala amapitirira pansi. Pansi pa dera lino pali thanthwe lolimba, choncho madzi amasungika m'miyala yofumbutuka ya pamwamba pake ndiponso m'ming'alu yake. Madzi amene timapopa pamjigo m'chilimwe ndi omwewo amene analowa pansi m'dzinja, mwina la zaka zingapo zapitazo.

Kuno kuli migodi, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mgodi wakuya umayenera kupopa madzi usana ndi usiku kuti anthu agwire ntchito pansi, ndipo zimenezi zimatha kutsitsa madzi a zitsime zoyandikira. Miyala ina yofukulidwa ili ndi safa, ndipo ikakumana ndi mpweya ndi mvula imatulutsa asidi. M'mbali mwa Mazowe, anyamata ofuna golide, amene kuno timawatcha makorokoza, amadula mitengo, kugumula magombe ndi kutsuka dothi m'madzi, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito mekyule, poizoni wowononga ubongo ndi mitsempha. Madzi olowa pansi amatenga chilichonse chimene apeza panjira, choncho dzenje la pamalo otere limatha kuthirira poizoni m'chitsime. Boma linaletsa kukumba golide m'mitsinje mu 2020, n'kubwerezanso mu 2024. Anyamatawa sindiwanyoza, chifukwa ambiri ndi ana a anthu amene ntchito inawathera migodi ndi mafamu atatsekedwa. Koma tisaiwale kuti Mazowe amaolokera ku Mozambique, n'kuthira mu Luenha, kenako mu Zambezi kumunsi kwa Tete. Matope athu amamwedwa ndi anthu amene sitidzawaona.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti njira ina yothandiza inayesedwa konkuno. M'zaka za m'ma 1980, Brian Oldreive, amene ankayang'anira famu ya Hinton kufupi ndi Bindura, anasiya kugaula ndi kutentha mapesi, nayamba kuphimbira nthaka. Ntchito yake inabala bungwe la Foundations for Farming, ndipo ulimi wa Pfumvudza, umene boma linaufalitsa dziko lonse mu 2020, unachokera kumeneko. Kamunda kake ndi ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi. Mlimi amakumba mayenje akuya masentimita 15, motalikirana masentimita 75 pakati pa mizere ndi 60 mumzere, n'kuthiramo manyowa ndi kuphimbira. Dzenje lililonse limakola madzi pomwe pali mizu. Ku Zvishavane, dera louma kuposa kuno, malemu Zephaniah Phiri Maseko, amene anamwalira mu 2015, ankakumba mayenje m'ngalande zimene atsamunda analamula kuti zizitaya madzi, kuti madziwo aime ndi kulowa pansi. Zitsime za pamunda pake zinkakhala ndi madzi ngakhale m'zaka za chilala.

M'chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko mu Epulo chaka chimenecho, ndinayendera minda ingapo kunja kwa tauni. Pamunda wina wophimbira ndinapisa dzanja pansi pa mapesi n'kupeza dothi lozizira, pamene kutsidya kwa malire chimanga chinali chitapota masamba. Mayi mwini mundawo anandiuza kuti ng'amba siinawasiye, koma anali ndi chiyembekezo chokolola kangachepe. Anandiuzanso kuti ntchitoyi ndi yowawa. Kukumba mayenje nthaka ili gwa kumathyola msana, moti ena ulimiwu anaupatsa dzina la Chishona loti dhiga ufe, kutanthauza kumba ufe. Mapesi nawo amalimbirana ndi ng'ombe komanso moto wa osaka mbewa. Mlangizi amene amabisa zimenezi alimi sachedwa kumutaya.

Pempho langa kwa alangizi ndi alimi anzanga ndi ili. Mvula yamphamvu ikadzagwa, dzafundeni thumba mupite kumunda ikugwabe. Mukaone pamene madzi akuyambira kuthamanga, pamene akukumana, ndi mtundu wake potuluka m'munda. Akakhala ofiira, ndiye kuti nthaka ikupita. Mukazike zikhomo pamalo amenewo, ndipo chilimwe chikadzafika mudzadziwa poika akalozera, pobzala udzu wa vetiva ndi pokumba dzenje lokolola madzi. Musalime mkati mwa mamita 30 kuchokera pagombe la mtsinje, monga malamulo a zachilengedwe amanenera, ndipo dzenje lokolola madzi likhale kutali ndi milu ya zotsalira za mgodi ndiponso malo otsukira golide.